Chingerezi cha Limbani ndi mwendo wa amayi

Lolemba lapitali amayi anga anathyoka mwendo. Khoma la nyumba yawo, kumudzi kwathu ku Rivirivi, linawagwera masana mvula ili mkati.

Musade nkhawa kwambiri. Ali moyo, akudya, ndipo pakamwa pawo sipanathyoke ngakhale pang'ono. Koma mwendo wakumanzere uli m'chikhakha kuchokera pabondo mpaka kuphazi, ndipo nonse mukudziwa kuti fupa la munthu wamkulu limatenga nthawi kuti ligwirane.

Anthu akumudzi akuti yalakwa ndi mvula. Ine ndikuti iyayi. Mvula imabwera chaka ndi chaka, ndipo sinanamizepo munthu kuti ulendo uno sibwera. Chinagwetsa khoma lija ndi mawu anayi a Chingerezi, pamodzi ndi mphunzitsi wina wodzimva amene anawamasulira.

Mphunzitsiyo ndine.

Ife tinabadwa atatu. Woyamba ndine, ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Balaka. Wondiponda pamutu ndi mlongo wanga Esinati, amene amakhala kumudzi komweko ndi amuna ake, Che Bwanali. Alamu angawa ndi Msilamu wa ku Chikweo, mmisiri womanga nyumba, ndipo akhala pachikamwini kwathu zaka zambiri moti agalu onse a m'mudzi amawadziwa. Wotsiriza ndi Limbani. Iyeyu amagwira ntchito kubungwe lina ku Liwonde, ali ndi pikapu yakeyake yoyera, ndipo akamayankhula Chichewa amachita ngati wachibwereka kwa munthu.

Nyumba ya amayi anamanga ndi malemu bambo athu. Ndi ya zidina, ndipo anaimanga pafupi ndi mtsinje kuti dimba lisatalikire. Nthawi imeneyo mtsinje unali kutali. Koma mtsinje wa Rivirivi wakhala ukudya gombe pang'onopang'ono, ndipo madzi ochokera kumtunda anakumba ngalande kuseri kwenikweni kwa nyumbayo. Chaka chatha khoma lakum'mawa linang'aluka mng'alu woti dzanja langa limalowa lonse.

Kwa zaka zitatu takhala tikuwapempha amayi kuti asamukire kumtunda, pafupi ndi Esinati. Amakana. Amati mango awo adya ndani, nkhuku zawo zizolowera bwanji, ndipo ife tikungofuna kuwakalambitsa. Koma mu Seputembala, tsiku lina atadzuka n'kupeza dothi la kukhoma lili pabulangete, anatuma uthenga: "Bwerani tikambirane."

Tinakumana pakhonde pa Esinati Lamulungu masana. Panali ife atatu, amayi, alamu, ndi abale ena angapo amene sasowa pamene pali tiyi.

Che Bwanali sanachedwe. Anati njerwa anaumba kale ndipo anawotcha, zili pauvuni kudambo, mtunda woyenda ola limodzi wapansi. Kumanga amanga okha, ndi apongozi awo. Chimene chimafunika n'kututa njerwazo mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa kawiri njira ya kudambo imasanduka phala. Anati anayankhula kale ndi bambo wina wa ngolo amene akanatuta zonse m'masabata awiri, koma amafuna yankho tsiku lomwelo poti omufuna anali ambiri.

Ine, munthu wanzeru, ndinati: "Ngolo ya chiyani pabanja pano pali galimoto? Limbani, masiku awiri okha a Loweruka, njerwazi sizingathe?"

Limbani anali atakhala pampando wokhawo wotsamira, magalasi akuda ali pamphumi, makiyi akuzungulira pachala. Anagwedeza mutu mwaulemerero, ngati munthu amene wafunsidwa maganizo pawailesi.

"Achimwene," anatero, "I couldn't agree more."

Che Bwanali anadzuka pomwepo n'kusasa fumbi kumbuyo kwa thalauza.

"Mwamva nokha. Akana. Ndipite ndikamuuze wa ngolo uja asanapite kwina."

"Akana bwanji, alamu?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinagwirapo ntchito ku Limbe ndili mnyamata. Kudunti ndimamudziwa. Bwana wanga akangoti kudunti, ndiye kuti chako palibe. Agiri ndi kuvomera. Ndiye kudunti agiri, sakuvomera. Tisatayitsane nthawi."

Awerengi, ndinaseka. Ndinaseka mpaka tiyi anatayikira pamalaya. Limbani anaseka chogwira pamimba. Abale a tiyi aja, amene sanamve chilichonse, anaseka poona kuti ophunzira akuseka.

Kenako ndinayamba kuphunzitsa, poti mphunzitsi akaona munthu walakwitsa amamva kukoma ngati wapeza nyama pansi pa ndiwo zamasamba. Ndinawauza alamu kuti Chingerezi sachimvera m'zidutswa. Ndinati mawu amenewa si kukana, ndi kuvomera kwapamwamba kwambiri. Munthu akatero akutanthauza kuti wagwirizana nazo mpaka pamapeto, moti ngakhale atafuna kuwonjezera kuvomera kwake, malo owonjezerapo palibe. Ndinapereka chitsanzo cha ndowa yodzaza mpaka pakamwa, yoti dontho lina silingalowe. Ndinabwerezanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ndili ndi ana a Fomu 1.

Esinati anangoyang'ana pansi. Amuna ake anakhalanso pampando, anavula chisoti, anakanda m'mutu, n'kuchivalanso.

"Chabwino," anatero. "Odziwa ndinu. Koma chiyankhulo choti munthu pofuna kunena eya amayamba ndi iyayi, ine chimandiopsa."

Amayi, amene khutu limodzi silimva bwino, anafunsa: "Wati chiyani ameneyu?"

"Wavomera, amayi," ndinayankha.

"Nanga osangonena bwanji?"

Wa ngolo uja tinamutumizira uthenga kuti zikomo, tapeza galimoto.

Loweruka loyamba Limbani anali kumsonkhano ku Mangochi. Loweruka lachiwiri galimoto inali kwa amakaniko. Loweruka lachitatu kunabwera alendo ochokera kunja ofuna kuona ntchito za bungwe lawo. Loweruka lachinayi foni inangoitana mpaka kudzidukira yokha. Loweruka lachisanu sindinaimbe, ndinachita manyazi m'malo mwake.

Koma musaganize kuti mng'ono wangayu anasowa. Iyayi. Tili ndi gulu labanja pa foni, ndipo pamenepo Limbani sajomba. Esinati akalemba kuti, "Abale, mitambo yayamba kusonkhana, tifulumire," woyamba kuyankha amakhala iye. Mawu anayi omwe aja, ndi kachala kakakulu koloza kumwamba. Msuweni wathu wa ku Kalembo atalemba kuti amayi sayenera kuona mvula ya chaka chino ali m'nyumba imene ija, sipanathe mphindi: mawu anayi, ndi kachala.

Ndowa ija inakhaladi yodzaza mpaka pakamwa. Kungoti palibe anainyamula.

Pofika kumapeto kwa Okutobala, Che Bwanali anabwerera kwa wa ngolo uja. Anapeza ng'ombe zake zili ndi ntchito mpaka Khrisimasi. Sanabwere kudzandinena. Anangomanga thabwa pakaliyala ya njinga yawo n'kuyamba kututa okha, njerwa makumi awiri paulendo, akukankha njinga m'dzuwa la Balaka limene mukulidziwa. M'mawa atuta, masana amanga. Lachisanu apita kumzikiti, pobwerera adzera kudambo. Mvula yoyamba inapeza nyumba yatsopano ili pamawindo, yopanda denga, yopanda chitseko.

Tsopano tiyeni tiwaone bwino mawu amenewa, poti ndine ndinawaikira umboni.

Tanthauzo lake ndinalondola, ndipo ngakhale lero mwana wa m'kalasi mwanga atandifunsa ndimuuza zomwezo. "I couldn't agree more" ndi kuvomera. Eni chiyankhulo amawagwiritsa ntchito mnzawo akanena maganizo amene nawonso ali nawo: kuti kunja kwatentha, kuti timu yasewera zopusa, kuti msewu uwu wafika poipa. Ndi mawu ovomerezera maganizo. Mwamva? Maganizo. Mulibe tsiku m'menemo. Mulibe ola, mulibe galimoto, mulibe thukuta.

Apa ndi pamene ine, ndi satifiketi yanga yonse, ndinagwa m'dzenje. Ndinafunsa funso lofuna tsiku, ndinalandira yankho la maganizo, ndipo ndinawomba m'manja chifukwa linabwera litavala taye.

Ndipo si kwathu kokha. Kodi inu simunawamve mawu amenewa sabata ino?

Lowani mumsonkhano uliwonse wa anthu ovala bwino, uja wa mabotolo amadzi ndi maswiti patebulo. Mayi wina waima, wanena mfundo yoona, yowawa, yoti mijigo imene inakumbidwa chaka chatha theka lake silikutulutsa madzi. Bambo wa kutsogolo akweza dzanja, akonza jekete, n'kuyamba: "I couldn't agree more with the previous speaker." Akatero abwereza zonse zimene mayi uja wanena, motalikitsa, m'Chingerezi chonona kwambiri, mpaka aliyense aiwale kuti mfundoyo inali ya yani. Kenako nthawi ya nkhomaliro yakwana. Mjigo uli chiumire.

Tsegulani wailesi madzulo. Aitana akatswiri atatu kuti akambirane chifukwa chake ana sakukhoza mayeso. Woyamba wanena zake. Wachiwiri sangathe kuvomera koposa apo. Wachitatu nayenso sangathe. Nanga ngati nonse mukugwirizana chonchi, mwawotchera chiyani mafuta kubwera kumeneko? Bwenzi mutatumiza mmodzi, enanu n'kupita kukaphunzitsa anawo.

Ngakhale kusukulu kwathu, tikakhala pamsonkhano wa aphunzitsi, wina akati tiyambe kubwera Loweruka kuthandiza a Fomu 4, chipinda chonse chimalira ndi kuvomera. "Absolutely." "Hundred percent." "Well said." Loweruka likafika mupeza aphunzitsi awiri, ndipo mwa awiriwo mmodzi ndi uja anangokhala chete osanena kanthu.

Mawu amenewa ndi okoma chifukwa salipiritsa. Wowanena amaoneka wophunzira, waulemu, wogwirizana ndi anzake, zonsezo pakamodzi, osatuluka thukuta ngakhale dontho. Womvayo nayenso amakomedwa, poti ndani safuna kuuzidwa kuti wanena zanzeru zosati n'kuwonjezerapo? Ine pakhonde paja ndinatupa ngati finye. Mng'ono wanga wa pikapu wavomereza mfundo yanga m'Chingerezi, pamaso pa anthu! Ndikanayamba bwanji kufunsa kuti, "Loweruka lake liti, ndipo ufika nthawi yanji?" Kukanakhala ngati kufunsa mlendo amene wakupatsa nkhuku kuti nkhukuyo ili ndi katemera.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, musanamizire Chingerezi. Kodi m'Chichewa mulibe mabodza?" Alimo, ndipo ndi ambiri. Tili ndi "tamva". Tili ndi "tiona". Tili ndi "osadandaula, zitheka", amene wapha ntchito zambiri m'dziko muno kuposa chiswe. Sindikukana.

Koma pali kusiyana. Limbani akanati "tiona", amayi akanamva, ndipo ndikuwadziwa. Akanamufunsa pomwepo: "Uona liti? Uona ndi maso kapena ndi galimoto?" Esinati akanamva. Abale a tiyi aja akanamva. Bodza la m'Chichewa limayenda poyera, aliyense angathe kuliponda mchira. Koma la m'Chingerezi limadutsa pamwamba pa mitu ya eni nkhani. Nkhani inali ya nyumba ya amayi, khoma limene limawathira dothi pabulangete linali lawo, koma yankho linaperekedwa m'chiyankhulo chimene iwo samva, ndipo anachita kufunsa ngati mlendo kuti mwana wawo wati chiyani.

Kodi chimenecho n'chiyani ngati si chipongwe?

Ndimaona zomwezi alendo a mabungwe akabwera m'midzi mwathu muno. Mlimi waima, wadandaula kuti mbewu inafika mvula itapita. Bwana wa pagalimoto atembenukira mnzake wa pagalimoto, agwedezerana mitu, avomerezana m'Chingerezi. Womasulira n'kuuza anthu kuti, "Abwana akuti agwirizana nanu kwambiri." Anthu m'manja, amayi nthungululu. Palibe wofunsa kuti tsono mbewu ya chaka chino ifika liti, chifukwa munthu wagwirizana nawe kale, ukufunanso chiyani?

Kumudzi kwathu munthu akavomera ntchito, kuvomerako kumakhala ndi miyendo. "Ndibwera Lachitatu ndi khasu langa." "Ine ndibweretsa nsungwi." "Ine sinditha, mwana akudwala, koma nditumiza mkazi wanga ndi madzi." Ngakhale wokanayo amakuthandiza, chifukwa umadziwa poyambira. Che Bwanali akati, "Insha Allah, mawa ndifika," mawa lake mumamva belu la njinga kunja kusanatenthe. Akati "ngwamba", ndiye kuti akana, pitani mukafune wina, ndipo simudana.

Koma ife ophunzira tinapita kusukulu zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kukaphunzira kukana mosaoneka.

Ndibwerere ku Lolemba.

Esinati anandiimbira ndili m'kalasi. Mvula inayamba cha m'ma 11, yamphamvu, ndipo madzi a m'ngalande ija anadya pansi pa khoma. Amayi anali m'nyumba akusankha mbewu ya mtedza. Akuti anamva ngati munthu akung'amba nsalu, ndipo pofuna kudzuka khoma linali litafika kale. Amene anawafukula ndi Abiti Saidi, mayi woyandikana nawo nyumba, ndi manja, akukuwa, mvula ikuwamenya. Che Bwanali anawakweza panjinga yomwe ija ya njerwa, Esinati atawagwirira kumbuyo, mpaka kumsewu kumene anapeza njinga yamoto.

Ndinawapeza kuchipatala atawaika kale chikhakha. Tsitsi lawo linali lidakali ndi dothi. Atandiona sanalire, sanandikalipire. Anangoti, "Mtedza wanga wonse wapita." Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa thanki yamadzi kwa kanthawi, chifukwa bambo wa imvi kulira pakhonde la chipatala anthu amaganiza kuti kwagwa maliro.

Madzulo ake Esinati anaika chithunzi cha mwendowo pagulu labanja lija. Msuweni wa ku Kalembo analemba kuti: "Abale, tikanafulumira, izi sizikanachitika. Tawalakwira amayi."

Mukudziwa amene anayankha koyamba. Mukudziwanso chimene analemba.

Ndinayang'ana foniyo nthawi yaitali. Munthu akuvomereza, mpaka pamapeto, mosati n'kuwonjezerapo, kuti wina wake anachedwa. Ndani? Mwina mvula. Mwina njerwa, zimene zinalephera kuyenda zokha.

Lachitatu ndinapempha tchuthi n'kupita kumudzi ndi njinga yanga. Njira ya kudambo tsopano ndi matope ofika m'mawondo, galimoto singalowemo mpaka mvula itatha. Tinatuta njerwa ndi alamu kuyambira m'mawa. Iwo makumi awiri, ine khumi, ndipo khumi langalo ndinagwa nalo kawiri. Paulendo wachitatu tinapuma pansi pa mtengo, ndipo ndinanena chimene chinandibweretsa.

"Alamu, tsiku lija ndinakusekani pagulu. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

Anatafuna kachinangwa kawo pang'onopang'ono asanayankhe.

"Iyayi, aphunzitsi, inu simunaname. Ndinakafunsa kwa mwana wa mchimwene wanga amene ali ku koleji, anati mawuwo ndi kuvomeradi. Ine ndinamva molakwika."

"Komabe munalondola."

"Ndinalondola mwangozi," anaseka. "Kunena zoona, ine Chingerezicho sindinachilabadire kwambiri. Ndimayang'ana nsapato. Munthu wabwera kudzakambirana za njerwa atavala nsapato zoyera ngati ufa, ndipo potsika galimoto akuyang'ana poponda. Ndinadziwa kuti ameneyu kudambo safikako."

Anadzuka, anagwira njinga yawo, n'kuwonjezera: "Koma musadzandisekenso pamaso pa mkazi wanga. Zinandiwawa."

Ndinati sindidzatero. Ndinanena m'Chichewa.

Limbani anafika Lachinayi masana. Pikapu inaima pabwalo pa Esinati, yoyera bwino, kumbuyo kuli buledi, shuga ndi botolo la zakumwa. Amayi anali atawatulutsa kuchipatala, atagona pamphasa pakhonde, mwendo uli pamtsamiro. Panali anthu ambiri odzazonda: amayi a kutchalitchi kwawo, Abiti Saidi ndi anzake, abale a tiyi aja.

Limbani anagwada pambali pa mphasa, atayamba wayala kampango pansi. Nkhope yake inali yachisoni ndithu, ndipo sindikuti amanamizira. Mng'ono wanga amawakonda amayi. Kungoti chikondi chake chimathera pakamwa, ngati shuga.

Anaona anthu onse aja akumuyang'ana, ndipo anamva kuti ayenera kunena kanthu kakakulu. Ulendo uno anayankhula Chichewa, mokweza, kuti aliyense amve.

"Amayi, kuno sikukuyenerani ndi mwendo umenewu. Chimbudzi chili kutali, pansi pakuterera. Bwenzi mutabwera ku Liwonde mudzakhale ndi ine mpaka mupole. Chipatala chili pafupi, chimbudzi n'cham'nyumba, chipinda chilipo."

Amayi a kutchalitchi anang'ung'udza mokondwa. "Mwana ndi ameneyu," wina anatero.

Amayi anatembenuza khutu lawo labwino lija.

"Wati ndikakhale kwako?"

"Eya, amayi."

"Ndavomera," anatero. "Esinati, tenga chikwama changa, uikemo zitenje zitatu ndi mankhwala aja. Usaiwale kolona. Che Bwanali, bwerani mundinyamule."

Awerengi, ndaonapo ana akugwidwa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, koma nkhope ngati imene ija sindinaionepo.

"Aa, amayi, sindimatanthauza lero lomwe," anatero Limbani, mawu atatsika. "Kunyumba sitinakonzeke. Akazi anga sindinawauze. Komanso mawa ndili ndi msonkhano ku..."

"Uwauza panjira, foni uli nayo. Msonkhanowo upita, ine sindikutsatira."

"Chipinda chija muli katundu, amayi."

"Katundu alibe mwendo wothyoka. Agona pakhonde."

Anayang'ana kwa ine kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana kumitambo. Anayang'ana kwa Esinati, koma Esinati anali atalowa kale m'nyumba, ndipo timamva zipi ya chikwama ikulira. Che Bwanali anasamba m'manja, anawerama, anawanyamula apongozi awo mosamala ngati thireyi ya mazira. Abiti Saidi anatsegula chitseko chakutsogolo, anakankhira mpando kumbuyo, n'kuyala chitenje. Mwendo wa chikhakha unalowa bwinobwino, ngati galimotoyo anaipangira ntchito imeneyo.

Amayi a kutchalitchi anayamba nyimbo yothokoza Mulungu chifukwa cha ana omvera. Limbani anaima pakati pa bwalo, makiyi ali m'manja, osazunguliranso. Kenako analowa, analiza injini, ndipo ananyamuka pang'onopang'ono chifukwa amayi anali atayamba kale kumuuza kuti akuthamanga.

Ife tinabwerera kudambo. Nyumba yatsala mizere isanu ndi umodzi kuti ifike padenga, ndipo alamu akuti kukachita ng'amba masiku anayi okha, malata akwera.

Dzulo Esinati wandiuza kuti amayi aimba foni. Akuti ku Liwonde kukutentha, mpongozi wawo amathira mchere wochepa, koma bedi n'labwino ndipo sakufulumira kubwerera. Adokotala anati chikhakha chikhale masabata asanu ndi limodzi, koma amayi akuti aona ngati asanu ndi atatu sangakhale bwino koposa. Alamulanso kuti Loweruka Limbani abwere adzatenge nkhuku zawo, chifukwa sakukhulupirira kuti Esinati akuzipatsa madeya okwanira. Akuti wayankha kuti, "Chabwino amayi, ndifika 8 koloko."

Tsono inu amene mwavomera zinthu zitatu kapena zinayi sabata ino, kuofesi, kutchalitchi, kumzikiti, pagulu labanja, mukugwedeza mutu ndi kutumiza tizala: mwa anthu onse amene mwawauza kuti mwagwirizana nawo, atati mmodzi yekha akukhulupirireni lero lino, atenge chikwama chake n'kukhala pampando wakutsogolo, mukamugoneka chipinda chiti?